Kanthu Kamene Ndinathira M'bedi la Mpiru la Amayi

1

Ndiyambe ndi kupepesa kwa achemwali anga a Lenia, poti ndinawalonjeza pamaso pa amayi kuti nkhani iyi sindidzauzanso munthu wina aliyense. Koma ndaganiza bwinobwino, ndapeza kuti kulemba si kuuza. Inu mukuwerenga nokha, ine pakamwa ndatseka.

Dzina langa ndine Rejoice, ndili ndi zaka 16, ndimakhala ku Salisbury Lines kuno ku Mzuzu. Makolo anga kwawo n'ku Dedza. Bambo anabwera kuno ngati mesenjala wa boma ndipo anamwalirira konkuno ine ndili wamng'ono. Sukulu ndinalekezera sitandade 6. Anthu amati ndine wamiseche, koma ine ndimangothandiza nkhani kuti zisachedwe panjira.

Kumunsi kwa nyumba zathu kuli kadambo komwe kale tinkatayako zinyalala. A Boniface Mkandawire, alangizi a zaulimi opuma ntchito, anasonkhanitsa azimayi khumi ndi awiri, anachotsa mapepala ndi matewera onse aja, n'kutsegula dimba la gulu. Mayi aliyense ali ndi bedi lake. La amayi anga linali la mpiru, lachitatu kuchokera pachitsime.

Kenako loji ina ya m'tauni inayamba kutitumizira alendo, aja amagona tsiku limodzi mu Mzuzu podikira ulendo wa ku Nyika kapena ku Nkhata Bay. Akuti masiku ano azungu atopa nazo njovu, akufuna aone mmene anthu a m'tauni amalimira. Amapereka kangachepe pageti, timawaonetsa mabedi, amathirira ndi kheni mpaka kunyowetsa nsapato, kenako timawaphunzitsa kupanga manyowa a Mbeya. Phulusa, gaga, ndowe za nkhumba, timadzi, kumanga m'thumba masabata atatu. Pali ndi kafeteleza pang'ono koma kameneko timathira alendo atapita. Tangoganizani, munthu wakwera ndege masiku awiri kudzanunkhiza ndowe za nkhumba, ndipo akumwetulira chomene.

Woyenda nawo alendowo ndinali ine. Osati kuti Chizungu ndimachidziwa, ayi, kungoti azimayi onse amachita manyazi ndipo ine manyazi anandiphonya. Chizungu changa chinali cha m'dimba basi: "welcome", "this is compost", "no chemical", ndi "yes yes". Mlendo akayamba kuyankhula zambirimbiri, ndinkangomuyang'ana m'maso n'kumati "yes yes" mpaka atope. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

2

A ku loji anatiuza kuti alendo amakonda kubzala mtengo, kuupatsa dzina, n'kumalandira zithunzi zake pafoni akabwerera kwawo. Vuto n'loti dimba lathu ndi laling'ono, silikwana ngakhale mabwalo awiri a netibo. Mitengo itatu yokha ikanatseka dzuwa mabedi onse.

A Boniface anandiitanira kuseri kwa nthochi. M'manja anali ndi kambande kamodzi ka peyala, kali m'chubu cha pulasitiki.

"Mwana wane, mtengo ndi uwu," anatero.

Ndinafunsa kuti nanga ina ili kuti. Anati ina ya chiyani.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Mlendo amakumba dzenje pakona ya dimba, amaikamo kamtengo ndi chubu chomwe, ife n'kumuuza kuti ndi ulimi wamakono woteteza mizu. Amalemba dzina pakathabwa, ine n'kujambula ndi foni ya gulu. Mlendo akangokhota pamsewu, ndinkazula kamtengo, kukwirira dzenje, kathabwa n'kuponya m'thumba la a Boniface. Azimayi ankadziwa kuti mitengoyo timakaiwokera kumunda wa a Boniface, tcheya wathu, ku Lusangazi. A Boniface alibe munda ku Lusangazi.

Za zithunzi sizinkavuta. Kuseri kwa chimbudzi cha aneba athu kuli mapeyala atatu osiyana misinkhu. Ndinkangokoleka kathabwa pa umene ukugwirizana ndi miyezi, kujambula mosamala kuti chitseko cha chimbudzi chisaoneke, n'kutumiza.

Kamtengo kameneko kanabzalidwa ka 43. Kanakhalapo Anna, kanakhalapo Hope, kanakhalapo dzina la galu wa munthu. Sikankakula, komanso sikankafa. Nthawi zina ndinkakamvera chisoni ngati mwana wongosinthidwa nyumba kwa achibale.

3

Tsiku lina mu Juni, kukuzizira kwa Mzuzu kuja ndi kamvula kowaza, kunabwera mlendo mmodzi yekha. Anali mayi wachikulire wa tsitsi loyera, dzina lawo Mayi Bridget. Anawabweretsa panjinga yamoto ndi a Zondiwe, chibwenzi cha achemwali anga. A Zondiwe amachita kabaza, ndipo nthawi imeneyo akwawo anali atabwera kale kwathu kudzafunsira. Anawatsitsa pageti n'kuthamangira kasitomala wina.

A Boniface anali kumaliro ku Ekwendeni. Azimayi anali atathawa kuzizira. M'dimba tinatsala awiri.

Mayiwa ndowe sanazifune, kheni sanaigwire, anangoloza kamtengo. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa chitini. Abale, chitini chimenecho. Chobiriwira, chonyezimira, cha timaluwa tagolide kuzungulira, chivindikiro chake chochita kupotokola. Kumsika wa Mataifa mutazungulira tsiku lonse simungachipeze. Ndinangochiona kamodzi, ndolo zanga ndinaziona kale zili m'menemo.

Dzenje anakumba okha, ngakhale khasu ankaligwira ngati tsache. Atamaliza anandigwira dzanja n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ndinamvapo "Mzuzu", ndinamvapo "teacher", ndinamvapo "Herbert". Ine "yes yes". Anandifunsa chinachake atandiyang'anitsitsa, ine "yes yes" wina wamphamvu. Ndiye anandikodola kuti nditalikire pang'ono. Ndinatalikira ndithu, koma maso ndinawasiya pomwepo.

Pakathabwa analemba kuti Herbert. Mumtima ndinati dzina labwino la peyala, kusiyana ndi la galu lija. Pochoka anandikumbatira mpaka ndinamva fungo la sopo wawo, ndipo chitini chija, tsopano chopanda kanthu, anachisiya patsinde pa mtengo pamodzi ndi duwa limodzi.

Njinga ya a Zondiwe itawatenga, ndinachita zimene ndinkachita masiku onse. Ndinachitanso kanthu kena kamodzi, kakang'ono, kongofuna kuthandiza pakhomo. Kameneko ndikuuzani tikafika.

4

Pofika mu Ogasiti mpiru wa amayi unapenga. Masamba ake anakula ngati a fodya, obiriwira mpaka kuda. Mzungu wina anafunda tsamba limodzi kumutu n'kundiuza kuti ndimujambule. Ogula a kumsika wa Chiputula ankachita kulimbirana. Amayi, poti ndi munthu wopatsa, anagawirako aneba, anatumiza mitolo itatu kwa abusa, ndipo ife kunyumba tinkadya mpiru m'mawa ndi masana.

Bedi loyandikana nalo linali la a Winifred, anyaMsiska. Amenewa ndi ankhazi ake a Zondiwe, ndiye kuti mlongo wa bambo awo, ndipo ndi amene anawalera. Kubanja kwawo a Winifred akati ayi, ngakhale nkhuku siiikira. Mpiru wawo unali wachikasu, masamba ngati makutu a mbewa. Mbewu yomweyo, chitsime chomwecho, dzuwa lomwelo.

Apa ndiye ndivomere tchimo langa loyamba. Lolemba lina tili pamzere pa kiyosiki ya madzi, ndinanong'oneza mnzanga Rachael kuti m'bedi la amayi muli chinachake chimene ena alibe. Ndinamuuza kuti asauze munthu. Pofika Lachitatu, ku Ching'ambo ankati muli mankhwala a ku Tanzania. Lachisanu nkhaniyo inabwerera kwa ine mwini, kudzera kwa mayi wogulitsa mandasi amene sankandidziwa. Anandiuza motsitsa mawu kuti ku Salisbury kuli mayi wina wa ku Dedza amene anakwirira munthu m'bedi la mpiru. Ndinaseka mpaka ndinatsamwa ndi ndasi. Ndinawauza kuti ine ndamva kuti ndi anthu awiri.

Chinkhoswe cha a Lenia chinali choti chichitike kumapeto kwa Seputembala. Zovala anali atasoketsa kale, nsalu imodzi mkwati ndi mkwatibwi. Ndiye madzulo ena a Winifred anatulukira kunyumba akuchokera kutchalitchi kumsonkhano wa amayi a Umanyano, yunifolomu yoyera ili m'thupi. Mpando anaukana, anaima pakhomo.

"Amake Lenia, ine zoyankhula zambiri yayi. Mwana wa mlongo wanga sangakwatire pakhomo pamene mpiru ukukula choncho."

Amayi anafunsa mwaulemu kuti kodi mpiruwo uzikula bwanji kuti ukwati uchitike. A Winifred anati uzikula ngati wa anthu opemphera. Anati mpaka gulu litakumba bedi lija anthu onse akuona, za chinkhoswe tiiwale.

A Lenia analira masiku atatu. A Zondiwe ankangodutsa pamsewu n'kuliza hutala osaima, poopa ankhazi awo. Amayi anasiya kuthirira kuti mpiru ufookeko, koma Mzuzu ndi Mzuzu, kamvula kanabwera kokha. Anathyola masamba onse akuluakulu n'kukagawa. Patatha sabata panatuluka ena oposa aja. Ndinawapeza tsiku lina ataima pamutu pa bedi akuudandaulira mpiru kuti uwachitire chifundo, poti ali ndi mwana wamkazi wofuna kukwatiwa.

Ine sindinkada nkhawa. Ndinkati akumbe, sapezamo munthu.

5

Gulu linagwirizana kuti kukumba kuchitike Loweruka m'mawa. Lachinayi masana foni ya gulu inalira m'thumba mwanga. Anali Mayi Bridget. Mwezi uliwonse ankafunsa za Herbert, ndipo ine ndinkawatumizira peyala wa kuseri kwa chimbudzi ndi kachala koloza m'mwamba. Ulendo uno analemba mawu ambiri, ndinangotolapo "Saturday". Pansi pake anatumiza chithunzi.

Chinali chithunzi cha m'tchalitchi. Tebulo la nsalu yoyera, makandulo, nkhata za maluwa. Pakati panali chithunzi cha bambo wadazi wamagalasi akuseka. Ndipo pambali pa bamboyo, pamalo pamene ife timaika bokosi la maliro, panali chitini changa.

A Boniface ndinawapeza akusefa gaga. Ndinawafunsa ngati nkhani yongocheza kuti kodi azungu, munthu akamwalira, amamutani. Anati ena amaika m'manda ngati ife, ena amawotcha, phulusa lake n'kuika m'kachitini, mkazi n'kumayenda nako mpaka atapeza malo amene mwamunayo ankawakonda. Anati anazimva kwa mzungu wina amene ankagwira naye ntchito kale. Anapitiriza kusefa, akuimba mluzu.

Ndinathamangira kuseri kwa nthochi. Nkhomaliro ya tsiku limenelo inali mpiru wotendera, ndipo ndinali nditawonjezera kawiri.

Nditafika kunyumba ndinakhuthula ndolo zanga m'chitini, n'kuchikulunga m'chitenje. Ndinaganiza zothawira ku Dedza. Kenako ndinaganiza kuti palibe chifukwa. Ndingokhala chete, akumbe, asapeze kanthu, a Lenia avale nsalu yawo. Zinali zotheka ndithu. Kungoti chibadwire pakamwa panga sipanasungepo nkhani masiku awiri, ndipo iyi inali yaikulu kuposa nkhani zonse zimene ndinamvapo pa kiyosiki.

Lachisanu kunabwera mlendo wina, anabzala kamtengo kaja. Mutu wanga unali kwina, ndinaiwala kukazula.

6

Loweruka m'mawa dimba linadzaza ngati kuli mpira. Anthu anachokera ku Chiputula, ku Ching'ambo, ena anakwera pamipanda. Mayi wina anabwera ndi beseni la chinangwa chophika kudzagulitsa. Abusa anaitanidwa kuti atsegule ndi pemphero. Amayi anaima pamutu pa bedi lawo manja ali kumbuyo, a Lenia pambali pawo maso atatupa.

Azibambo awiri anazula mpiru wonse n'kuyamba kukumba. Musaiwale kuti kale panali potaya zinyalala. Anatulutsa supuni, chidendene cha nsapato, mabatire awiri, mutu wa chidole. Chilichonse a Winifred ankachitembenuza ndi kandodo n'kufunsa abusa ngati chili bwino. Mutu wa chidole unatenga nthawi. Atafika m'mawondo madzi anayamba kutuluka, ndipo a Boniface anati basi, mwadzionera nokha.

A Winifred anayamba kukonza duku lawo mmene amachitira munthu wofuna kupepesa koma mawu asanawapeze. A Lenia anandifinya dzanja. Chinkhoswe chinali chitabwerera. Chomwe chinkafunika n'choti ine ndingopuma ndi mphuno.

Nthawi yomweyo njinga ya a Zondiwe inaima pageti. Kumbuyo kunali Mayi Bridget, atanyamula maluwa.

Anapatsa anthu moni wa "monire mose" amene anaphunzira panjira, anthu n'kuyankha kuti yewo. Analunjika pakona ya dimba. Anapeza kamtengo kali msinkhu womwewo wa mu Juni, masamba asanu ndi limodzi, ndipo pakathabwa palembedwa kuti Jasper. Anayang'ana foni yawo, anayang'ana kamtengo, anayang'ananso foni. Kenako anayankhula, ndipo a Zondiwe, amene anafika folomu 4, anamasulira.

"Akufunsa kuti amuna awo ali kuti."

A Zondiwe anamvetsera zina n'kufotokoza. Anati amuna awo a Herbert anaphunzitsapo kuno ku Mzuzu ali mnyamata, ndipo asanamwalire anapempha kuti adzagone kuno. Phulusa lawo mayiwa analiika pansi pa mtengo uwu mu Juni. Ndipo mtsikana uyu anafunsidwa ngati adzawayang'anire, iye anavomera kawiri.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kunena kuti ali pomwepo pansipo, Jasper ndi dzina lawo lachiwiri. Ndinaliganiza bodza limenelo, linali labwino. Koma Mayi Bridget anali atagwira maluwa aja ndi manja awiri ngati mwana wa sukulu.

"Sali pamenepo," ndinatero. "Ali m'bedi la amayi."

Ndiye ndinafotokoza zonse. Tsiku lija nditazula kamtengo, ndinaona m'dzenje muli phulusa loyera, losefa bwino, lopanda makala. Sabata imeneyo amayi ankadandaula kuti thumba lawo la Mbeya laperewera phulusa. Ndinati ili ndi la ku Ulaya, mwini wake wachita kulira polisiya, liyenera kuti ndi lamphamvu. Munalinso timibulu toyera, ndinati ameneyu ndiye feteleza wake. Ndinalitapa lonse ndi manja, osasiyako, ndinathira m'thumba la amayi, n'kusakaniza bwinobwino ndi gaga ndi ndowe za nkhumba. Amayi sanadziwe chilichonse.

Amayi anakhala pansi m'matope momwemo. Mayi wa chinangwa anatula beseni. Abusa, a mitolo itatu aja, anatseka Baibulo pang'onopang'ono.

"Ndimanena ine," anatero a Winifred. "Muli munthu nadi."

A Lenia anandisiya dzanja. Ndinaona kuti chinkhoswe chapitanso, ndipo ulendo uno ndachikankha ndi manja anga. Ndiye poti pakamwa panali patatseguka kale, ndinangomaliza.

"Ankhazi, inunso munadya. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mumathyola m'bedi la amayi iwo asanafike. Mumabisa m'kheni."

A Winifred anati ankangolawa kuti aone ngati mpiruwo ndi wachilungamo. Ndinafunsa kuti kulawa kwake miyezi iwiri. Amayi ali pansi pomwepo anandiuza kuti nditseke pakamwa. Wina pampanda anafunsa a Zondiwe kuti kunyumba kwa ankhazi awo ndiwo zakhala zotani masiku amenewa. A Zondiwe anayang'ana kumwamba n'kumeza malovu.

Komabe anayenera kumasulira. Ankapita pang'onopang'ono. Atafika pa ndowe za nkhumba anaima, anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu kuti nenani. Mayi Bridget anaphimba nkhope ndi maluwa aja, mapewa akugwedezeka. Azimayi anayamba kale kukonza mawu olira nawo. Koma atachotsa maluwa, tinaona kuti akuseka, misozi ikutuluka ndithu koma akuseka.

Anatola tsamba limodzi la mpiru wozulidwa uja n'kuliyeza ndi mkono wawo. A Zondiwe anamasulira kuti pa zaka makumi anayi za ukwati wawo, a Herbert anapha duwa lililonse limene analigwira, ngakhale lija la minga losafuna madzi. Aka kanali koyamba kuti alime chinthu n'kukula. Anafunsanso ngati anthu anakhuta. Abusa anagwedeza mutu pang'ono.

Kenako anafunsa za mtengo wa pazithunzi. A Boniface anali atayamba kale kusendera cha kugeti, ati akaone chitsime, chonsecho chitsime chili mbali inayo. Azimayi anawabweza. Anaulula okha za kamtengo kamodzi, za thumba la timatabwa, za munda wa ku Lusangazi. Za chimbudzi ndinaulula ine.

Apa Mayi Bridget anasiya kuseka. Ananena mawu ochepa, ndipo a Zondiwe anawamasulira osandiyang'ana. Anati m'mawa uliwonse akamamwa tiyi ankaika foni patebulo, n'kumauza mtengo wa pachithunzi uja mmene agonera.

Pa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero.

7

Amene anayamba kuyankhula anali a Winifred. Anafunsa a Zondiwe kuti awafunse mayiwo kuti bamboyu atafika kuno mu Juni, ndani anakhala pamaliro. Yankho linali loti palibe. Ndani anaimba nyimbo. Palibe. Ndani anapemphera. Palibe, kunali mtsikanayu basi.

A Winifred anagwira pachifuwa. Anati munthu anaphunzitsa ana a mu Mzuzu, wasiya manda a kwawo kusankha ife, ndiye waikidwa ndi kamtsikana ka sitandade 6 kamene kamafuna chitini. Anati za ufiti zidikire kaye, ichi n'chamanyazi chomene, ndipo anthu a ku Chiputula akapita nazo kwawo Salisbury yonse sidzayendanso mumsewu.

Maliro a a Herbert anachitika masana omwewo. Azibambo aja anabwezera dothi m'bedi, mwaulemu tsopano, chipewa atavula. Amayi a Umanyano anathamangira kunyumba kukavala yunifolomu. Abusa analalikira kuti ndife fumbi ndipo kufumbi tidzabwerera, koma sanakhalitsepo pamutu umenewo. Mayi Bridget anawakhazika pamphasa pakati pa azimayi, wina anawamanga chitenje, ndipo nyimbo itayamba analira zenizeni. Wolira kwambiri anali a Winifred. Ankalira ngati wachibale, ndipo mukaganiza bwino anali wachibale ndithu. Ndiwo za pamaliro zinali nyemba zokhazokha. Palibe anatchula za masamba.

Kamtengo kaja a Boniface anakang'amba chubu ndi manja awo, n'kukabzala pakati pa bedi. Mizu yake inali itapiringizana ngati mawaya a foni. Timatabwa tonse anatikhuthula m'thumba, koma ka Herbert ndi kamene tinakhoma kutsogolo.

Anthu asanabalalike, amayi anadzuka, matope ali kumbuyo, n'kufunsa pamaso pa onse.

"AnyaMsiska, nanga za anawa?"

A Winifred anapukuta m'maso, anayang'ana a Lenia, anayang'ana a Zondiwe. "Tonse tadya mbale imodzi, amake Lenia. Ngati ndi ufiti, ayambe kuyankha ndi abusa."

Abusa anati si ufiti.

Chinkhoswe chinachitika pa tsiku lake. Ine anandiika kukhitchini, kutali ndi akuchimuna, ndipo a Lenia anatha masabata awiri osandiyankhula. Amayi anataya bedi lawo labwino lija poti tsopano ndi la a Herbert. Anawapatsa lina cha kumpanda, ndipo mpiru wawo masiku ano ukukula ngati wa anthu opemphera. A Boniface amauza aliyense kuti chinakulitsa mpiru uja ndi ndowe za khola latsopano ndi kamvula, phulusa lochepa choncho silingachite kanthu. Palibe amawamvera. Gulu linawalamula kuti agule mbande zenizeni, mlendo aliyense wakale yake, ndipo zinabzalidwa m'makomo mwa anthu kuyambira kwathu mpaka kumsewu. Wa dzina la galu uja uli pakhomo pa a Winifred.

Ntchito yoyenda ndi alendo anandichotsa. Pano ndimatembenuza ndowe. Amene akuyenda nawo ndi Rachael, ndipo nkhani ya a Herbert amaifotokoza molakwika, akumati anali awiri.

8

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mumamva kuyabwa pakamwa mukasunga nkhani, sindikuuzani kuti musiye, poti inenso sindinasiye. Koma nkhani imene ndinanong'ona Lolemba ndikuseka inatsala pang'ono kuvula achemwali anga nsalu ya chinkhoswe, ndipo inakhazika amayi anga m'matope pamaso pa anthu a madera atatu. Amayi sanandimenye. Anangondifunsa kuti anthu akanapanda kudya nawo mpiru uja, bwenzi nyumba yathu ilipo lero? Sindinayankhe, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti zimenezo sizichitikachitika.

Chinanso, ngati simunamve zimene munthu akunena, nenani kuti simunamve. Makamaka ngati akulira. Pano Mayi Bridget ndimawatumizira chithunzi cha mtengo weniweni Lamlungu lililonse, ngakhale sabata imene mbozi zadya masamba. Uli ndi masamba khumi ndi anayi. Akalemba zambiri ndimapita kwa alamu anga a Zondiwe kuti andiwerengere liwu lililonse ndisanayankhe.

Chitini ndinawabwezera Mayi Bridget, koma anati ndichisunge. Amayi anati m'nyumba mwawo sichilowanso, ndiye chimakhala kudimba, timasungiramo mbewu ya mpiru. Mukadzafika ku Mzuzu mudzatipeze, mudzathirira ndi kheni, mudzabzala mtengo wanuwanu wosazulidwa. Ndipo ngati tsiku lina mlendo adzakutulutsirani chitini chokongola m'chikwama, musadzayambe ndi kufunsa kuti muli chiyani. Mudzafunse kuti muli ndani.